Chitini cha makapisozi cha ba mulamu

Pa yadi imene ndinakwatiwira ku Dambwa North, mpopi ndi wa tonse, chimbudzi ndi cha tonse, chitini nachonso ndi cha tonse. Mpopi ndi chimbudzi ndilibe nazo mawu. Chitinicho n'chimene chinatsala pang'ono kundichotsera mwana m'mimba, ndipo mpaka lero chikadali pamwamba pa kabati ya ba mulamu, pafupi ndi wailesi yakufa, ngati sichinalakwe kanthu.

Ba mulamu ndi achemwali awo aakulu a amuna anga. Yadiyo anawasiyira ndi bambo awo, amene ankagwira ntchito ya njanji, ndipo iwo ndiwo amaiyang'anira, ife apabanja pamodzi ndi ochita lendi. Si munthu woipa, ndiyambe ndanena zimenezo, chifukwa pomva zotsatirazi mungaganize kuti ndimadana nawo. Ndi iwo anandiphunzitsa kusambitsa mwana wanga woyamba. Mwana wa wina akatentha thupi, amayamba kufika ndi iwo mayi wake akadali kufunafuna nsapato. Kungoti ali ndi chitini.

Ndi chitini cha mabisiketi, chabuluu, chivundikiro chake chopindika. Lamulo lake silinalembedwe paliponse, koma mkazi aliyense wolowa pa yadi amalidziwa sabata isanathe. Ukapita ku kiliniki n'kupatsidwa mankhwala, umamwa mpaka utapeza bwino, otsalawo umakaponya m'chitini. Mawa mnzako akadwala sakaima pamzere padzuwa, amangogogoda kwa ba mulamu. Zimayenda ngati mmene timabwerekanirana mchere kapena khala lamoto. Munthu womaliza mankhwala ake onse yekha ankaoneka ngati amene wapha nkhuku n'kutseka chitseko.

M'katimo munali makapisozi ofiira ndi achikasu, ena obiriwira, mapiritsi oyera aakulu okhala ndi mzere pakati, ndi ena ang'onoang'ono ngati mpunga. Ena anali m'timapepala ta ku kiliniki zolemba zake zitafufutika, ena ankangogubuduka okha pansi. Ba mulamu sankawerenga dzina, ankaona mtundu. Ofiira ndi achikasu ankati ndi a kumunsi, oyera aakulu a chifuwa ndi m'mimba, obiriwira a matenda amene akana enawo.

Ine matenda a chikhodzodzo anandiyamba mwana woyambayo ali ndi miyezi inayi. Amene sanadwalepo sangamve bwino zimene ndikunena. Umamva mkodzo, umathamanga, ukafika kumatuluka timadontho titatu totentha ngati wapaka tsabola pachilonda. Ukangotseka chitseko, wamvanso. Pa yadi ya chimbudzi chimodzi, anthu amawerenga maulendo ako ali chikhalire pakhonde. Ntchito yanganso sinkandithandiza. Ndimakazinga zitumbuwa m'mawa n'kukagulitsa m'mbali mwa msewu wopita ku tauni, pamalo popanda pobisala, ndiye ndinazolowera kusamwa madzi mpaka masana ndi kupirira mkodzo mpaka nditafika kunyumba.

Ulendo woyambawo ndinapita ku kiliniki. Anandipatsa makapisozi a masiku asanu, ndipo ba nesi ananena kawiri kuti ndimalize onse. Tsiku lachitatu ndinadzuka bwinobwino, ndikusesa n'kuimba komwe. Ba mulamu anabwera pakhomo panga chitini chili m'khwapa.

"Manje wachira, mulamu. Otsalawo ni a chani? Ufuna uwadzale?"

Ndinali mkamwini watsopano, ndinkafuna andikonde. Ndinaponyamo, iwo n'kundiuza kuti ndine mwana woleredwa bwino.

Kuchokera pamenepo ku kiliniki sindinapitenso ndi matenda amenewa. Ankabwera pakapita miyezi ingapo, makamaka nthawi yotentha, ndipo ine ndinkangogogoda. Poyamba makapisozi awiri ankakwanira. Chaka chachiwiri ndinkafunika anayi kapena asanu. Kenako ba mulamu anayamba kundisakanizira, limodzi lofiira, limodzi loyera, limodzi lobiriwira, ngati akukonza ndiwo. Ankati magazi anga ndi olimba, thupi lazolowera mankhwala. Ndinkamva ngati akundiyamikira. Nanenso ndikapita ku kiliniki ndi chifuwa kapena dzino, otsala ndinkabwezera m'chitini, kuti ndisakhale wongotenga.

Zaka zitatu zinatha choncho, kenako ndinaima ndi mimba yachiwiri.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri wa mimbayo unagwera mu Okutobala, dzuwa la kuno likusungunula phula pamsewu. Matenda aja anabwera. Ndinagogoda monga mwa masiku onse, ndinamwa awiri, mawa lake anayi, sizinasinthe. Tsiku la sikelo litafika ndinauza ba nesi. Anayeza mkodzo ndi kapepala kosintha mtundu, n'kundifunsa ngati ndamwapo kale kanthu kunyumba. Ndinati ayi. Bodza limeneli silinali langa ndekha. Pa yadi tinkaphunzitsana kuti ukavomera amakukalipira pamaso pa anthu n'kukubweza wopanda mankhwala. Ba nesi analemba, n'kundipatsa makapisozi. Nditatsegula kapepalako panja, ndinapeza ndi omwe aja ofiira ndi achikasu amene ndinali nditamwa kale dzulo ndi dzana. Ndinaganiza zobwerera kukanena zoona, koma mzere unali wautali ndipo manyazi anali atandigwira kale.

Ndinamwa masiku atatu osaphonya. Palibe chinasintha. Apa ndiye akazi a pa yadi anandikhalira bwalo pansi pa mtengo wa mango, ine ndili pomwepo ndikupotokola miyendo. Wina anati ndinakhala pa sitepe yotentha. Wina anati ndimwe madzi a soda. Wina anatsitsa mawu n'kufunsa kuti kodi amuna anga, amene amaphika pa loji ina yogona alendo kufupi ndi Simonga n'kumabwera kunyumba pakapita masiku, amagona okha kumeneko? Ba mulamu anamudzudzula kuti mchimwene wawo si wotero, koma mawuwo anali atatuluka kale, ndipo anafika kwa mwiniwake. Amuna anga anabwera nkhope ili gwa, n'kunena kuti ngati n'choncho tipite tonse akatiyeze. Ndinawayankha kuti ine sindinawaganizirepo, ndikungofuna kukodza ngati munthu. Ndinatha madzulo onse ndikupepesa munthu wabwinobwino pa mawu amene sindinanene ine, kwinaku ndikuthamangira kuchimbudzi.

Tsiku lachinayi masana, anthu akudzithira madzi kumutu chifukwa cha kutentha, ine ndinali m'mabulangeti awiri mano akugundana. Msana unkapweteka mbali ya kumanja, m'munsi mwa nthiti, ngati wina wakhomamo msomali. Ndinasanza phala, ndinasanza ndi madzi omwe. Kenako mimba inayamba kulimba n'kumasuka, kulimba n'kumasuka, monga inachitira pa tsiku lobadwa mwana woyamba. Apo ndinaopa. Miyezi isanu ndi iwiri si nthawi yake. Ba mulamu atandiona sanapite ku kabati. Anathamanga opanda nsapato kukaimitsa takisi, anandinyamula okha m'khwapa mpaka m'galimoto, ndipo njira yonse ankakalipira woyendetsa kuti azemba maenje ngati wanyamula mazira.

Ku chipatala chachikulu anandigoneka. Dokotala wa m'wodi yathu anali mkazi wamng'ono thupi, mwina wa msinkhu wanga womwe, wolankhula pang'onopang'ono. Anandiuza kuti matenda achoka m'chikhodzodzo akwera ku impso, ndipo kutentha thupi kotereku kungayambitse matenda a kubereka nthawi isanakwane. Anatenga mkodzo m'kabotolo asanandibaye, nati ukupita ku labu, ndipo yankho lidzabwera pakatha masiku atatu chifukwa tizilombo timayenera kumera kaye kuti ationetsetse. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ine ndikupsa, mwana akugogoda pakhomo, iwo akudzala mkodzo ngati tomato. Anati podikirapo ayamba ndi jakisoni amene amathandiza anthu ambiri. Nayenso anafunsa ngati ndinamwapo china kupatula cha ku kiliniki. Ndinanamanso. Bodza ukalinena kamodzi limakhala ngati lako, umaliteteza.

Masiku awiri jakisoni uja sanachite kanthu. Thupi linkazizira pang'ono m'mawa, masana n'kuyakanso. Ba nesi ankabwera ndi kachipangizo komvera mtima wa mwana, ndipo ine ndinkayang'ana nkhope yawo osati kachipangizoko. Mtima wa mwanayo unkagunda mofulumira. Ankati tiyeni tidikire. Ine ndine munthu wodikira, ndinadikira zinthu zambiri pa moyo wanga osadandaula, koma kudikira kumeneko kunali kwina. Ndinkagona chammbali dzanja lili pamimba, ndikumuuza wam'katimo kuti asafulumire, kunja kuno kulibe chimene akuphonya.

Tsiku lachiwirilo, pa nthawi yoona odwala, ba mulamu anabwera ndi mpunga ndi tinsomba ta kapenta m'kontena. Anakhala pamphepete pa bedi, anayang'ana uku ndi uku, n'kumasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo. Munali makapisozi asanu ndi limodzi, obiriwira okhaokha.

"Imwa aya, mulamu. Aba ba dokotala ni mwana, akali kuphunzirira pa iwe. Masiku awiri palibe chimene achita."

Ndinawayang'ana. Anali atayenda wapansi padzuwa lija kuchokera ku Dambwa North kudzandipatsa zimenezi, thukuta lili m'khosi. Kukana ndinalephera, kumwa ndinaopa. Ndinalandira, ndinati ndimwa ndikadya, ndipo atatuluka ndinawakankhira pansi pa pilo.

M'mawa mwake ba nesi posintha nsalu za pabedi, makapisozi aja anagubuduka pansi, limodzi mpaka kukaima pa nsapato ya dokotala amene ankalowa kumene. Ndinakonzeka kukalipiridwa, ndipo kunena zoona ndikanakonda atandikalipira, chifukwa munthu akamakukalipira umangoweramitsa mutu n'kudikira amalize. Koma dokotalayo anatola kapisozi lija, anakoka mpando, anakhala, n'kundifunsa kuti ndinayamba liti, mitundu yanji, ingati pa nthawi, kangati pa chaka. Ndinanena zonse, ndi za chitini zomwe. Ankangolemba. Nditamaliza anapuma mpweya wautali n'kunena kuti ndikananena tsiku loyamba, bwenzi atayamba ndi jakisoni wina, osataya masiku awiri. Mawu amenewo anandipweteka kuposa msana.

Yankho la ku labu linabwera masana omwewo. Dokotala anabwera ndi pepala, koma ataona kuti zilembo zake sizikundiuza kanthu, anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi chimene anajambula kumeneko. Inali mbale yaing'ono yagalasi ngati sosala, yodzaza ndi zinthu zotuwa ngati nkhungu ya pa buledi. Anati zimenezo ndi tizilombo ta mumkodzo wanga titamera. Pamwamba pake panali timapepala toyera tozungulira ngati mabatani, kalikonse konyowetsedwa ndi mankhwala ake. Pamene mankhwala akugwira ntchito, kuzungulira batani pamayera ngati pabwalo posesa, chifukwa tizilombo talephera kuyandikira. Ndinawerenga ndi chala. Mabatani anali asanu ndi awiri. Asanu analibe poyera ngakhale pang'ono, nkhungu inamera mpaka kuwakumbatira. Anandilozera kuti ili ndi la makapisozi ofiira ndi achikasu, ili la oyera aakulu, ili la jakisoni amene akhala akundibaya. Awiri okha ndiwo anali ndi bwalo.

Ndinati n'zimene ba mulamu amanena, kuti thupi langa lazolowera mankhwala.

"Si thupi lanu, mayi. Ni tizilomboti. Mukamwa awiri, tofooka timafa, mumamva bwino. Tolimba timatsala, timaswana, ndipo ana ake amabadwa osaopa mankhwalawo."

Apo ndinamva, chifukwa mphemvu za m'nyumba mwanga zinandiphunzitsa kale zimenezo. Ufa wakupha mphemvu umene ndinkawaza nditangokwatiwa, m'mawa ndinkasesa mitembo yodzaza fosholo. Pano zimayenda pa ufa womwewo ngati zikupita ku msika. Anawonjezera kuti tizilombo totere sitikhala mwa munthu mmodzi, timayenda pa manja, pa chitseko cha chimbudzi, pa mpopi, moti ngakhale amene sanamwepo kapisozi la m'chitini angatitenge titalimba kale. Ndinafunsa kuti nanga awiri otsalawa akadzakana? Anati alipo ena, koma sapezeka nthawi zonse, ndipo ena sapatsidwa kwa mayi woyembekezera. Kenako anati tisafike kumeneko.

Anasintha mankhwala, atsopanowo ankalowa kudzera mu diripi. Tsiku loyamba sindinaone kusiyana. Lachiwiri ndinatuluka thukuta mpaka nsalu kunyowa, ndipo ndinapempha chakudya ndekha. Mimba inasiya kulimba. Mwana anandimenya chidendene pansi pa nthiti, pamalo pomwe pankapweteka paja, ndipo sindinadandaule. Ndinakhala m'chipatala masiku opitirira sabata mpaka majakisoni onse anatha. Potuluka dokotala anandipatsa mapiritsi ang'onoang'ono a batani lachiwiri lokhala ndi bwalo lija, limodzi tsiku lililonse mpaka pafupi ndi kubereka, kuti matenda asabwerere. Anandiuza kuti ndizimwa madzi ambiri, ndisamapirire mkodzo, ndipo anabwereza kuti mapiritsiwo ndi anga ndekha. Anali ambiri, paketi yonenepa. Nditaiona ndinadziwiratu kuti kunyumba kukandivuta.

A pa yadi sanadikire ngakhale sabata. Tsiku lachitatu m'mawa, ndikuchapa matewera akale pokonzekera, ba mulamu anafika chitini chili m'khwapa. Kumbuyo kwawo kunali mtsikana wa m'chipinda cha kumapeto, wongokwatiwa kumene, ataima mopotokola miyendo. Sindinafunse kuti akudwala chiyani, kaimidwe kameneko ndinkakadziwa. Ba mulamu anati ofiira ndi achikasu amupatsa kale koma sakumva, ndiye popeza ine ndabwera ndi amphamvu a ku chipatala chachikulu, ndimugawireko anayi chabe, ndipo ena khumi ndiponye m'chitini, poti ndachira kale.

Ndinapukuta manja n'kuyamba kufotokoza za mbale ija. Ndinajambula pansi ndi kamtengo, mabatani asanu ndi awiri, mabwalo awiri. Ndinanena za mphemvu. Ndinafotokoza modekha, kawiri, monga ndimachitira ndi mwana wanga akamakana kusamba. Ba mulamu anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti chitinicho anayamba kusunga ine ndisanamere mano, ndipo palibe amene anafa nacho. Anati a ku chipatala amanena zimenezo kuti anthu azipita kwa iwo okha. Anafunsanso kuti kodi amene anandinyamula kupita ku takisi anali mbale yagalasiyo?

Funso lomalizalo linali loona, ndipo ndilo linandivuta. Ndinayang'ana mtsikana uja, maso ake ali ndi misozi. Ndinkadziwa mmene zikumuwotchera. Mapiritsi anali m'nyumba, masitepe atatu kuchokera pamene ndinaima. Koma ndinkadziwanso kuti mabwalo anali awiri okha, ndipo limodzi ndinali nditaligwiritsa kale ntchito.

"Awa ni a mwana ali m'mimbamu, ba mulamu. Sinipereka ngakhale limodzi."

Anatseka chivundikiro chopindika chija ndi chibakera, n'kubwerera kwawo.

Zotsatira zake sizinali zazikulu, zinali zing'onozing'ono zambiri, ndipo n'zimene zimatopetsa. Moni wa m'mawa unafupika. Ndowa yanga pa mpopi inkapezeka ili kumbuyo ngakhale ndinaiika poyamba. Ndikadutsa pansi pa mango wina ankati pewani njira ba dokotala adutse. Tsiku lina ndinatuma kukapempha khala lamoto, yankho linabwera lakuti makala awo ndi a mwana ali m'mimba. Amuna anga atabwera ku loji anamva mbali ya achemwali awo asanavule nsapato, ndipo anandinong'oneza kuti ndingoponyamo awiri kuti pakhale mtendere, awiri si kanthu. Ndinawafunsa kuti asankhe okha masiku awiri amene mwana wawo akhale wopanda chomuteteza. Anakanda mutu n'kutuluka kukayang'ana njinga imene inalibe vuto lililonse.

Paketiyo sindinaisiyenso m'nyumba. Sikuti ndinkaganiza kuti ba mulamu angabe, iwo sakanaona ngati kuba, akanaona ngati kutenga mchere kwa m'bale wawo. Ndinaimanga m'kansalu n'kumayenda nayo pachifuwa, ku msewu ndi kutchalitchi komwe. Dzuwa likamapendeka ndinkatunga madzi pa mpopi n'kumwa piritsi langa pomwepo, onse akuona. Ndinayambanso kunyamula botolo la madzi kokagulitsa, ndipo ndinagwirizana ndi mayi wina wa nyumba yapafupi ndi msewu kuti ndizilowa m'chimbudzi chawo, ine n'kumawasiyira zitumbuwa za tiyi.

Mtsikana uja sindinamutaye. Mawa lake lomwe ndinamupeza kuseri kwa nyumba n'kumuuza kuti ndimuperekeze ku kiliniki. Anavomera pokhapokha titauza anthu kuti tikukagula ufa wa zitumbuwa. Tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu, ine ndi mimba yanga. Ba nesi atamufunsa ngati wamwapo kanthu, ndinaona pakamwa pake pakukonza ayi, ndipo ndinamutsina pantchafu mpaka ananena zoona. Sanamukalipire monga tinkaopsezerana muja, anangopukusa mutu n'kumupatsa mankhwala ena. Pobwerera tinagula ufawo kuti bodza lathu likhale ndi katundu. Anandithokoza njira yonse, nati amaliza onse, walumbira.

Patapita masiku atatu ndinamuona akutuluka kwa ba mulamu akumwetulira, iwo akumuuza kuti ndi mwana woleredwa bwino. Ndinadziwa kuti mankhwala ake otsala alowa m'chitini. Ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pabedi. Ndinalibe mawu oti ndimuuze amene sindinamuuze kale. Ndinali nditachita zomwezo pa msinkhu wake, m'chitini chomwecho, chifukwa cha mawu omwewo.

Masabata otsalawo ndinkawerenga ndi mapiritsi. Kadontho kalikonse kakandiwotcha pang'ono mtima unkathamanga, ndipo kawiri ndinapita kukayezetsa mkodzo popanda kuitanidwa, n'kupezeka kuti uli bwino. Mvula inayamba, fumbi linagona, maenje a mumsewu anadzaza madzi. Piritsi lomaliza ndinamwa pa tsiku limene dokotala analemba pa khadi, ndipo masiku angapo pambuyo pake, m'mawa ndikukanda ufa, mimba inalimba. Ulendo uno inali nthawi yake.

Amene anathamanga kukaimitsa takisi ndi ba mulamu omwewo, amene anali asanandipatse moni wathunthu kwa miyezi iwiri. Anakalipiranso woyendetsa za maenje. Anadikira panja pa wodi ndi fulasiki ya tiyi mpaka ba nesi anatuluka kukawauza kuti ndi mtsikana, wathunthu, wolira ngati walipidwa. Atandiika mwanayo pachifuwa ndinawerenga zala zake kawiri, kenako ndinagona tulo timene ndinali ndisanagone kuyambira Okutobala.

Kunyumba ba mulamu ndiwo ankamusambitsa, ndiwo ankandiphikira, ndowa yanga inabwerera kutsogolo popanda wonena kanthu. Anthu akabwera kudzaona mwana ankamunyamula iwo n'kumawaonetsa masaya ndi miyendo, n'kumati mwaona mmene walimbira, mayi wake ndinamulera ndi makapisozi anga zaka zitatu. Ndinkangoyang'ana kudenga. Tsiku lina ndinatenga timapepala tonse topanda kanthu ta mapiritsi aja, popeza ndinatisunga, n'kukatiponya m'chitini iwo akuona. Anatitulutsa, anatiyang'ana kamodzikamodzi poloza kuwala, kuona ngati mwatsala kanthu.

"Ngakhale limodzi, mulamu?"

Ndinati ngakhale limodzi. Anapukusa mutu monga umachitira ndi munthu amene umamukonda koma sangasinthe, ndipo ndikhulupirira kuti nkhope yanga inkanena zomwezo kwa iwo.

Ine ndi ana anga sitigogodanso kumeneko. Wamkulu akatsokomola, ba mulamu amadzuka kulunjika ku kabati, ine ndimakhala nditamugwira kale dzanja tikutuluka pa geti. Akazi awiri a pa yadi anabwera padera kudzandifunsa za mbale ya mabatani, mmodzi anamaliza mankhwala ake mobisa n'kunama kuti anagwera m'madzi. Enawo akuponyabe. Ndinayesa kuuza amuna anga kuti chitinicho chitayidwe, anati ndiyambe ndapeza munthu wina wokachichotsa pa kabatiyo, iwo akufuna kukalamba.

Mwana ali ndi miyezi isanu tsopano, ndipo ali ndi khalidwe limodzi limene sindikudziwa kuti ndidandaule kwa yani. Akayamba kulira, bere amakana, kubereka kumbuyo amakana, nyimbo amakana. Ba mulamu amamutenga, amatsitsa chitini pa kabati, n'kumachigwedeza pafupi ndi khutu lake, makapisozi n'kumachita tsekeretseke m'katimo. Mwanayo amatonthola nthawi yomweyo, amaseka ndi nkhama zokhazokha, n'kutambasula manja onse awiri kuti achigwire. Ine ndimaima pakhomo ndi thewera m'manja, ndikuyang'anitsitsa chivundikiro chopindika chija kuti chisatseguke.